Kodi wonyinyirika wakana? Mafunso ndi mayankho pa mawu a Chingerezi akuti "reluctant"

Mawu akuti *reluctant* amapezeka m'nyuzipepala, m'makalata a kuntchito, m'ndime za mayeso a Chingerezi, ngakhale m'Mabaibulo ena. Ambiri timawadutsa tikuganiza kuti tawamva, mpaka wina atatifunsa ngati munthu amene akunenedwayo anachita chinthucho kapena ayi. Pamenepo mayankho amagawikana.

Kodi *reluctant* amatanthauza chiyani kwenikweni?

Ndi mfotokozi wonena za munthu amene mtima wake sukufuna chimene akuyembekezeka kuchita. M'Chichewa mawu oyandikira kwambiri ndi kunyinyirika. Wina akati "He was reluctant to lend me his bicycle", akunena kuti mwini njinga ananyinyirika kumubwereka. Kuti mawuwa agwire ntchito payenera kukhala zinthu ziwiri. Choyamba ndi chokankha: pempho, lamulo, udindo, umphawi, kapena maso a anthu. Chachiwiri ndi mtima umene ukubwerera m'mbuyo. Chimodzi chikasowa, mawuwa sakhalanso pamalo pake. Munthu wodana ndi nyemba amene ali yekha m'nyumba mwake, akudya nsima ya usipa, sali *reluctant* pa chilichonse. Amayamba kukhala *reluctant* apongozi ake akamuikira mbale ya nyemba patsogolo.

Taganizirani mbuzi imene akupita nayo ku msika pa chingwe. Miyendo yaiumitsa, khosi latambasuka, ikulira, koma mukaona mizere imene ziboda zake zasiya m'fumbi muzindikira kuti ikusendera ndithu. Kulimbana kumeneko, pakati pa chingwe ndi miyendo, ndiye mtima wa mawuwa.

Banja lake ndi laling'ono. Dzina lake ndi *reluctance*, kunyinyirika. Muonjezi wake ndi *reluctantly*, monyinyirika. Mneni wa tsiku ndi tsiku palibe. M'madikishonale akuluakulu mungapezemo *reluct*, koma ndi mawu akale amene palibe amawayankhula, choncho musalembe kuti munthu "relucted".

Ndiye akati munthu anali *reluctant*, si ndiye kuti anakana?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Kukana m'Chingerezi ndi *refuse*, ndipo wokana watseka nkhani. Wonyinyirika sanatseke. Taonani ziganizo zitatu izi, zimene poziona mofulumira zimakhala ngati zikunena chimodzi. "The chief refused to sign" chikutiuza kuti amfumu sanasaine, nkhani yathera pomwepo. "The chief reluctantly signed" chikutiuza kuti anasaina, ngakhale mtima sunali pamenepo. "The chief was reluctant to sign" sichikutiuza mathero. Tadziwa mmene mtima wa amfumu unalili, koma kuti tidziwe ngati dzina lawo lili papepalapo tiyenera kuwerenga chiganizo chotsatira. Nthawi zambiri chiganizo chotsatiracho chimayamba ndi *but*, ndipo chimatiuza kuti pamapeto pake anagonja.

Muonjezi *reluctantly* umamatira ku ntchito imene yachitikadi. N'chifukwa chake munthu akhoza kukana monyinyirika, ngakhale poyamba zimamveka zosokoneza. "She reluctantly turned down the job" akutanthauza kuti mayiyo anaikana ntchito, koma mtima ukuifuna. Mwina ana anali aang'ono, mwina ntchitoyo inali kutali. Chimene ananyinyirika nacho ndi kukanako.

Kusiyanaku sikongovutitsa ana a sukulu chabe. Tiyerekeze kuti nyuzipepala yalemba mutu wakuti "Banks reluctant to lend to farmers". Mutu woterewu sukunena kuti palibe mlimi amene walandira ngongole. Ukunena kuti mabanki akufuna chikole chochuluka, akuchedwetsa mafomu, akupereka ndalama zochepa kwa anthu ochepa. Womasulira nkhani pa wailesi akanena kuti "mabanki akana kukongoza alimi", wawanamizira mabankiwo, ndipo wafooketsa mlimi amene akanayesa mwayi wake. Kunena zoona kwake n'kwakuti mabanki akunyinyirika, kapena kuti sakumasuka kukongoza alimi. Chimodzimodzi m'khoti: mboni imene ili *reluctant* ikhoza kufika ndithu n'kupereka umboni, kungoti mawu ake amachita kukokedwa ndi mafunso.

Amatchulidwa bwanji, nanga n'chifukwa chiyani amavuta kulemba?

Ali ndi maphatikizo atatu ndipo mphamvu imagwera pa lapakati: ri-LAK-tant. Chilembo cha *u* pano chimamveka ngati cha mu *luck* kapena *cup*, pafupi ndi "a" wathu. Ophunzira amene amalemba *relactant* khutu silinawanamize, kungoti kalembedwe ka Chingerezi sikatsata khutu. Msampha wina ndi wa ife eni. M'Chichewa *l* ndi *r* sasintha tanthauzo la mawu, moti wolemba "kulira" ndi wolemba "kulila" onse akunena za misozi yomweyo. M'Chingerezi ndi zilembo ziwiri zosiyana kotheratu, ndipo m'mawuwa zili moyandikana: *r* ndiye amayamba, *l* n'kutsatira. Kumapeto kuli *-ant* ndi *-ance*, osati *-ent* kapena *-ence*.

Kodi mawuwa anachokera kuti?

Ku Chilatini. Mneni *luctari* unkanena za kulimbana kwa anthu awiri ofuna kugwetsana pansi, ndipo *reluctari* kunali kulimbana ndi chimene chikukukankha, kubweza mphamvu ndi mphamvu. Mawuwa analowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1600 akadali ndi thukuta lake. John Milton, mu *Paradise Lost* ya 1667, anawagwiritsa ntchito pofotokoza Satana akusandutsidwa njoka, akuphiriphitha ndi kulimbana ndi chilangocho koma osapambana. Pamenepo sankanena za munthu wozengereza ayi, ankanena za thupi lolimbana. Pang'onopang'ono tanthauzo la thupilo linazilala, kulimbana kunasamukira mumtima, ndipo n'kumene kuli mpaka lero.

Achewa ndi Anyanja a ku Tete ndi ku Niassa amene anaphunzira Chipwitikizi ali ndi mwayi pano, chifukwa muzu womwewu ali nawo pakamwa. Mawu akuti *luta*, amene ali mu mfuwu wa FRELIMO wakuti "a luta continua", kutanthauza kuti nkhondo ikupitirira, anachokera ku Chilatini chomwecho, ndipo munthu wonyinyirika m'Chipwitikizi ndi *relutante*. Chifalansa chili ndi *lutte*, Chisipanishi chili ndi *lucha*, dzina limene anthu a ku Mexico amatchulira masewera awo ogwetsana a *lucha libre*.

Ophunzira zamagetsi amakumananso ndi *reluctance* m'mabuku awo, ndipo ena amadabwa kuti chitsulo chinganyinyirike bwanji. Dzinali analipereka ndi Oliver Heaviside wa ku England mu 1888, kutanthauza mmene chinthu chimakanizira mphamvu ya maginito kudutsamo. Chitsulo chimailola mosavuta, choncho *reluctance* yake ndi yochepa. Mpweya umaikaniza kwambiri, ndipo yake ndi yaikulu.

Ndamvapo mphunzitsi akuti ana "anakhala *reluctant*" atakhoza mayeso oyeserera, kutanthauza kuti anatayirira. Kodi n'zolondola?

Ayi. Chikusokoneza apa ndi kufanana kwa kamvekedwe ndi *relax*, mawu amene alibe chibale chilichonse ndi *reluctant*. Mwana amene wakhoza bwino n'kuyamba kugona msanga, kuleka kuwerenga, poganiza kuti wafika kale, m'Chingerezi ali *complacent*, kapena *lax*, kapena wangokhala *too relaxed*. Wotayirira mumtima mwake muli bata, ndipo vuto lake ndi batalo. Wonyinyirika mumtima mwake mulibe bata.

Si ulesinso. Waulesi ndi *lazy*, ndipo amenewo ndi mawu oweruza khalidwe la munthu. *Reluctant* saweruza. Namwino wakhama akhoza kunyinyirika kupereka mankhwala amene akuona kuti adokotala alemba muyezo wokayikitsa, ndipo kunyinyirika kwakeko kungapulumutse moyo. Mayi akhoza kunyinyirika kutumiza mwana wake wamkazi ku sukulu yogonera komweko chifukwa cha mantha. Wogulitsa akhoza kunyinyirika kutsitsa mtengo chifukwa akudziwa zimene anawononga pokaoda. Mawuwa amangonena kuti mtima ukubwerera. Chifukwa chake muyenera kuchifunafuna pena. Ngakhale aphunzitsi a ku Britain ndi ku America akamati mwana ndi *reluctant reader*, sakunena kuti ndi mbuli. Kawirikawiri amanena za mwana amene kuwerenga amatha, koma buku satsegula pokhapokha atauzidwa.

Kodi pambuyo pa *reluctant* pamabwera mawu ati?

Njira yosalakwika ndi *to* wotsatiridwa ndi mneni wosasintha: *reluctant to go*, *reluctant to pay*, *reluctant to admit*. Dzina lake limayenda chimodzimodzi: "his reluctance to pay". Zolakwika zimene zimaoneka kawirikawiri m'zolemba za ophunzira ndi ziwiri. China ndi kuika *of*, monga "reluctant of going". China ndi kuika *-ing* pambuyo pa *to*, monga "reluctant to going". Zonse ziwiri wochonga mayeso adzazidula. *About* amaloledwa pamene chotsatira ndi dzina kapena mneni wa *-ing*, monga "reluctant about the plan", komabe wolemba wosamala amabwerera kwa *to* nthawi iliyonse imene angathe, chifukwa ndi amene amatchula ntchito yeniyeni imene munthuyo akuizemba.

Mawuwa amathanso kuima kutsogolo kwa dzina, ndipo amatero m'njira ziwiri. Akhoza kufotokoza munthu amene walowa udindo asakuufuna, monga *a reluctant leader*. Akhozanso kufotokoza chinthu chimene chaperekedwa monyinyirika, monga *a reluctant smile*, kumwetulira kochita kufinyidwa, kapena *reluctant agreement*, kuvomera kwa pakamwa pokha. Kumwetulira kulibe mtima woti kunganyinyirike, n'zoona, koma Chingerezi chimasamutsa mtima wa munthu n'kuuika pa chimene wachita.

Kumbukiraninso kuti *reluctant* amafuna mneni wothandiza, monga *be*, *seem* kapena *feel*. "He reluctant to come" si chiganizo. Chiganizo ndi "He is reluctant to come".

Pali kusiyana kotani ndi *hesitant*, *unwilling* ndi ena ofanana nawo?

Madikishonale amawaika pamodzi, koma eni chilankhulo sawasinthanitsa mwachisawawa. *Hesitant* ndi munthu wododoma, amene sanatsimikize. Mwina akufuna ndithu, koma akukayika, akuopa kulakwitsa, akudikira kuti amve zambiri. Wa *reluctant* nthawi zambiri wadziwa kale kuti sakufuna, chimene chatsala n'chakuti agonja kapena ayi. Wododoma mumamuthandiza pomupatsa uthenga. Wonyinyirika uthenga angakhale nawo kale, ndipo chofunika ndi kumva chimene chikumuletsa. *Unwilling* ndi wolimba kuposa onsewa ndipo wayandikira kwambiri ku kukana: "unwilling to negotiate" ndi munthu amene pa tebulo la zokambirana mwina simumuona n'komwe.

Bungwe la World Health Organization linasonyeza bwino kusiyanaku mu 2019, pamene linaika *vaccine hesitancy* pa mndandanda wa zinthu 10 zoopseza umoyo wa anthu pa dziko lonse. Pofotokoza tanthauzo lake linatchula mawu awiri, *reluctance* ndi *refusal*, kunyinyirika ndi kukana kulandira katemera ngakhale alipo. Akanakhala kuti ndi chinthu chimodzi, sakanavutika kutchula onse awiri. Wazaumoyo wa m'mudzi amadziwa kuti mayi wozengereza ndi mayi wokanitsitsa sayankhulidwa mofanana.

*Averse* amanena za kusakonda kokhazikika, osati kwa tsiku limodzi, ndipo iye amatsatiridwa ndi dzina kapena *-ing*: "averse to risk", "averse to borrowing". Musamusokoneze ndi *adverse*, amene amanena za zinthu zoipa kapena zotsutsana nawe, monga nyengo yoipa kapena zotsatira zoipa za mankhwala. *Grudging* ali ndi kachiphe kake: munthuyo wapereka, koma akudandaula mumtima ngati wabedwa. Pa 2 Akorinto 9:7, vesi limene limawerengedwa kawirikawiri nthawi ya chopereka, Baibulo la King James la 1611 lili ndi *grudgingly* pamene New International Version inasankha *reluctantly*. Vesilo limatchula zinthu ziwiri zimene wopereka ayenera kupewa, kunyinyirika ndi kukakamizidwa, ndipo kuzitchula padera kuli ndi nzeru yake. Kukakamiza kumachokera kunja, kwa munthu wina. Kunyinyirika kumachokera mkati. Munthu akhoza kuponya ndalama m'mbale popanda womugwira pakhosi, mtima uli ku thumba limene ndalamayo yachokera.

Nanga *loath* ndi *loathe*? Ndi mawu amodzi olembedwa pawiri?

Ndi mawu awiri, ndipo ngakhale eni Chingerezi amawasokoneza, m'nyuzipepala zawo zomwe. *Loath*, wopanda *e* kumapeto, ndi mfotokozi wofanana tanthauzo ndi *reluctant*, kungoti ndi wolemererapo komanso wa m'mabuku. "I am loath to sell this land" ndi munthu amene kugulitsa malowo kukumuwawa. *Loathe*, wokhala ndi *e*, ndi mneni wotanthauza kunyansidwa, kudana nacho chinthu kotheratu: "I loathe corruption". Choncho wolemba "I am loathe to go" walakwitsa, ngakhale mudzaziona zitalembedwa choncho kambirimbiri pa intaneti.

Njira yokumbukira ilipo, ndipo ndi ya Chingerezi chomwecho. Taonani *breath* ndi *breathe*, *bath* ndi *bathe*, *cloth* ndi *clothe*. Pa awiri aliwonse, wokhala ndi *e* kumapeto ndiye mneni. Katchulidwe kamatsatira zomwezo. *Loath* amatha ngati *both*, lilime lili pakati pa mano, mpweya wokha ukutuluka. *Loathe* amatha ngati *clothe*, lilime pamalo pomwepo koma kukhosi kukunjenjemera. Onse awiri alibe chochita ndi "th" wathu wa mu "thumba".

Awiriwa anachokera ku muzu umodzi wa Chingerezi chakale umene unkatanthauza chinthu chodedwa kapena chonyansa, wachibale wa *leid* wa Chijeremani amene amamveka Mjeremani akamapepesa. Mneni unasunga ukali wonse wa muzuwo, pamene mfotokozi unafewa mpaka kufika pa kunyinyirika. Olemba ena a ku Britain amalemba *loth*, ndipo si cholakwa. M'mabuku akale mungakumanenso ndi *nothing loath*, amene amanena za munthu wochita chinthu mosanyinyirika n'komwe, mwina mokondwa kumene.

Kusiyana kwina n'kwakuti *loath* saima kutsogolo kwa dzina. Mukhoza kunena *a reluctant witness*, koma *a loath witness* palibe. Langizo langa kwa amene sanazolowere ndi lakuti *loath* amudziwe kuti azimumva akamawerenga, koma polemba agwiritse ntchito *reluctant*. Palibe chimene *loath* anganene m'kalata ya kuntchito chimene mnzakeyo sangachinene popanda chiopsezo cha *e* wosochera.

Ena amati "reticent to help". Kodi *reticent* ndi *reluctant* ndi amodzi?

Pachiyambi sanali amodzi. *Reticent* anachokera ku mneni wa Chilatini *tacere*, kukhala chete, ndipo amanena za munthu wosunga zakukhosi, wosaulula zake: "reticent about his illness". Kunyinyirika kwake ndi kwa pakamwa pokha. Koma chifukwa mawu awiriwa amayamba mofanana ndipo amakumana pa nkhani ya kuyankhula, anthu ambiri, makamaka ku America, anayamba kunena "reticent to" pa ntchito iliyonse, ndipo dikishonale ya Merriam-Webster inalemba tanthauzo limeneli. Akonzi ambiri a nkhani amalikanabe. Pa mayeso kapena m'kalata yofunsira ntchito, sungani *reticent* pa za kuyankhula.

Abwana akandiuza kuti "I am reluctant to approve this", ndiyembekezere kapena nditaye mtima?

Funso ili ndi lovuta kuposa onse, chifukwa apa dikishonale imathera panjira. Mwa tanthauzo la mawu, abwanawo sanakane. Koma m'maofesi ambiri a ku Britain, ndi kwina kumene anatengera kayankhulidwe kawo, munthu waudindo sakonda kunena *no* pamaso pa mnzake. Amasankha mawu ofewa, ndipo "I am reluctant to" ndi amodzi mwa iwo, pamodzi ndi "I'd rather not" ndi "I'm not sure that's a good idea". Wobadwira m'chilankhulocho amamva kuti chitseko chatsala pang'ono kutsekeka. Mlendo amamva kuti mwayi ulipo wambiri, n'kubweranso mawa ndi pempho lomwelo, osasintha kanthu, ndipo abwana amadabwa kuti munthuyu sanamve bwanji.

Chothandiza ndi kumvetsera chimene chikutsatira. Akapitiriza ndi *because* kapena *unless*, akupatsani kiyi: akuuzani chimene chikuwaletsa, ndipo mukachikonza pempho likhoza kudutsa. Akapitiriza ndi *but*, nthawi zambiri avomera. Akangonena mawuwo n'kusintha nkhani, tengani kuti akana mwaulemu. Ngati simukutsimikiza, kufunsa kuti "What would make you comfortable with it?" si mwano. Mwawafunsa chimene chingawamasule mtima, ndipo yankho lawo lidzakuuzani ngati panali khomo kapena ayi.

Amalawi, anthu a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain amakumana ndi mawuwa mbali inanso, polemba malipoti a tsiku ndi tsiku. Kulemba kuti agogo "refused lunch" ndi kunena kuti sanadye. Kulemba kuti anali "reluctant to eat" ndi kunena kuti anavuta, ndipo wowerenga adzafuna kudziwa ngati pamapeto pake anadya, komanso anadya zochuluka bwanji. Namwino wobwera usiku amadalira mawu amenewo posankha chochita, choncho wolemba *reluctant* amalize chiganizo chake.

Mawuwa mukhozanso kuwagwiritsa ntchito inuyo. Kalata yosiya ntchito yoyamba ndi "It is with great reluctance that I resign" imauza abwana kuti mukuchoka, koma simukuchoka mokwiya. Mawu amenewo amasiya ubale uli bwino, ndipo tsiku lina mudzafuna kalata ya umboni kuchokera kwa anthu omwewo.

N'chifukwa chiyani m'Chingerezi kunena mtsogoleri kuti ndi *reluctant* kumamveka ngati kumuyamikira?

Chifukwa pali chikhulupiriro chakale chakuti munthu wosalakalaka mpando ndiye woyenera kuukhala. Wouthamangira amakayikiridwa kuti akufuna kudyapo, pamene wochita kukankhidwa amaoneka kuti wabwera kudzatumikira. Chitsanzo chimene Angerezi amakonda kutchula ndi George VI, mfumu imene nkhope yake inali pa masitampa a Nyasaland ndi Northern Rhodesia. Iye sanaleredwe kuti adzakhale mfumu. Anali wachibwibwi, wamanyazi, ndipo kuyankhula pa gulu kunali chizunzo kwa iye. Mu Disembala 1936 mkulu wake, Edward VIII, anatula pansi ufumu kuti akwatire Wallis Simpson, mayi wa ku America amene ukwati wake unali utatha, ndipo chisoti chinagwera mng'onoyo. Anachilandira, nakhala mfumu nthawi yonse ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mpaka imfa yake mu 1952. Olemba mbiri akamamutcha *the reluctant king* sakunena kuti anakana ufumu, popeza anaulamulira zaka zoposa 15. Akunena kuti anasenza katundu amene sanamupemphe.

Olemba mabuku amakonda mawuwa pa chifukwa china: amabisa mathero. Mohsin Hamid wa ku Pakistan anatcha buku lake la 2007 *The Reluctant Fundamentalist*, ndipo Mira Nair analisandutsa filimu mu 2012. Ndi nkhani ya mnyamata wa ku Lahore amene anaphunzira ku Princeton n'kupeza ntchito yapamwamba ku New York, kenako moyo wake unatembenuka pambuyo pa chiwembu cha zigawenga cha pa 11 Seputembala 2001. Mutu wokhawo umasiya wowerenga akudzifunsa ngati mnyamatayo analowadi m'zimene akumuganizirazo, ndipo ngati analowa, anamukankha ndani.

Koma kumene kunyinyirika kumalemekezedwa, anthu amaphunziranso kukuchita mwachiphamaso. Ku nyumba ya malamulo ya ku Britain, sipikala watsopano akasankhidwa sapita yekha ku mpando wake. Aphungu anzake amamugwira mikono n'kumukokera kumeneko, iye akuchita ngati akukaniza. Mwambowu amaufotokoza kuti unachokera m'masiku amene sipikala ankanyamula mawu a aphungu kupita nawo kwa mfumu, ntchito imene inkatha kumuika m'mavuto aakulu mfumuyo ikapsa mtima. Lero ndi sewero limene aliyense m'nyumbamo amaseka nalo. Lindsay Hoyle anakokedwa chotero mu Novembala 2019, patangopita mphindi zochepa chigonjetsereni Chris Bryant ndi mavoti 325 kwa 213, pa mpando umene anaupempha yekha kwa aphungu anzake tsiku lomwelo.